Boti la pa bwalo la a Makwinja

Loweruka lapitali tinali kumanda kukavundukula chiliza cha a Makwinja, poti chaka chakwana chiwaikireni. Mkulu wa mpingo amene anapatsidwa mpata wolankhula anati malemuwa anali munthu wofatsa, womva za anzake, wosadziwa kukangana. Ine ndinayamba kutsokomola. Ndinatsokomola mpaka mayi wina anandithamangira ndi kapu ya madzi, akuyesa ndatsamwa ndi chisoni. Chisoni chinalipo ndithu, koma chimene chinanditsamwa ndi bodzalo. A Makwinja ndinakhala nawo mpanda umodzi ku Area 25 zaka zoposa makumi awiri, ndipo ndikukuuzani kuti mbuzi yokana kupita kumsika ili ndi mtima wabwino kuposa iwo.

Ndiye ndati ndilembe ndekha, asanatipangire munthu wina amene sitikumudziwa. Ine ndine Gwaza, wokhoma zidebe ndi mbaula. Sukulu ndinalekeza Sitandade 4, aphunzitsi atandipempha kuti ndikapume kuti nawonso apumeko. Mukapeza mawu ena akutsimphina, ingowadutsani, afika okha.

A Makwinja anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, pensulo ili kukhutu nthawi zonse. Kutchalitchi ankapita nayo, kumaliro ankapita nayo. Akazi awo, amake a Fanuwelo, ankati tsiku la ukwati anachita kuwalanda pakhomo. Kwawo kunali ku Phalombe. Anabwera kuno masiku amene likulu linkamangidwa, kudzapachika zitseko m'maofesi, ndipo mpaka imfa yawo ankakhulupirira kuti dziko likuyenda chifukwa cha mahinjesi awo. Ine ndinkawatcha Mlomwe wodya njoka, iwo ankanditcha Mchewa wa mbewa m'thumba. Tikapanda kunyozana m'mawa, akazi athu ankafunsana ngati wina wadwala.

Anakanganapo ndi aliyense. Ndi abusa anakangana pa nkhani ya benchi yogwedera: anainyamula mapemphero ali mkati, amayi atatu n'kutsala chiimire, n'kudzaibweza Lachitatu itakhazikika. Ndi ine tinakangana chaka chathunthu chifukwa cha phokoso la hamala yanga. Iwo ankati sowo imayimba pamene malata amalalata, choncho woyenera kusamuka ndine.

Ntchito ya zitseko itachepa, imfa n'kuchuluka, anatembenukira ku mabokosi a maliro. Shedi yawo inali m'mbali mwa msewu wopita ku Kanengo, pamene mphepo imabweretsa fungo la fodya. Chiphunzitso chawo chinali chimodzi: thabwa likakumana ndi linzake, pasadutse ngakhale mpweya. Mpata ankauyesa manyazi a kalipentala. Ankati womwalira sangabwere kudzadandaula, n'chifukwa chake kumuchitira zachinyengo ndi tchimo loposa kubera wamoyo. Bokosi lililonse akamaliza ankavula nsapato, n'kulowamo, n'kuuza munthu kuti atseke. Akaona kadontho ka kuwala ankatuluka, n'kusakaniza guluu ndi utuchi, n'kumata. Tsiku lina anauza ine kuti nditseke. Ndinatseka, n'kukhalapo, n'kudya nzimbe mfundo zinayi. Mawu amene anatuluka m'bokosi muja mkulu wa mpingo uja sanawamve, n'chifukwa chake akuti anali ofatsa.

Koma anthu a kuno sawakumbukira ndi zimenezi. Mukafunsa pa msika wa Nsungwi, amayi ogulitsa tomato akuuzani motsitsa mawu kuti, oo, bambo aja anamana mwana wawo matabwa a bokosi chifukwa cha boti. Zimenezo n'zoona, ndinalipo. Koma nkhani ili ngati chinangwa, ukaizula mofulumira imathyokera pansi. Ndiloleni ndikumbe bwinobwino.

Fanuwelo anali mwana wawo wamwamuna mmodzi yekha, wamtali, woseka ndi thupi lonse. Ankayendetsa galimoto ya mzungu wina wogula fodya ku Kanengo. Mzunguyo anali ndi boti la injini, la mtundu uja wothamanga n'kumakoka munthu kumbuyo ndi chingwe, munthuyo ataima pa timatabwa tiwiri pamwamba pa madzi. Musandifunse chifukwa chake, anthu okhuta ali ndi masewera awo. Fanuwelo ndiye ankalikoka pa ngolo kupita nalo kumadzi, ndiye ankaliyendetsa, ndiye ankalitsuka. Mzunguyo pobwerera kwawo analisiyira Fanuwelo, litakhala kale pansi pa mtengo madzinja atatu osagwira ntchito.

Linafika kwathu nyengo yozizira, chaka chotsatira njala ija, likukokedwa ndi lole ya mchenga. Sekitala yathu yonse ya mu Area 25 inatuluka kudzaonerera.

"A Makwinja!" anakuwa mayi wina wa kuseri. "Mwalota kuti Lingadzi asefukira mpaka kuno? Tiuzeni msanga tianule ufa!"

"Mukadzamira musadzandiitane," anayankha iwo, koma nkhope yawo inkaonetsa kuti nawonso sakudziwa chimene chawafikira.

Fanuwelo naye anafika tsiku lomwelo, katundu wake yense ali m'sutikesi imodzi. Mkazi wake anali atamwalira chaka chapitacho. Iye anali akutsokomola, kolala ya malaya itayamba kumukulira. Matenda aja tinkawapatsa mayina ambirimbiri kuti tisatchule lenilenilo. Tonse tinaona, palibe ananena.

Boti analikankhira pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Fanuwelo anakwera, n'kuponda mkati, phazi n'kulowa mpaka m'kakolo. Matabwa onse opondapo anali ataola, ofewa ngati buledi wonyowa. Kumbuyo kwa boti, chakunja, kunali kathandala kolendewera ndi bawuti imodzi. Pamenepo ndi pamene osambira amakhala akamavala timatabwa tawo tija, ndi pokwerera akatopa m'madzi. Amake a Fanuwelo atakaona anati koma kangathandize kuyanikapo mbale.

"Ababa," anatero Fanuwelo ali m'botimo, "zaka zonsezi mwakhala mukupangira akufa. Pangireniko wamoyo kamodzi kokha. Mukonze pansipa ndi thandalali. Likatha tikaliponye pa damu la ku Malingunde, inu mukhale kumbuyoku mapazi ali m'madzi, ine ndikuyendetsa."

"Ine madzi amene ndimawadziwa ndi a m'beseni."

"N'chifukwa chake ndikutero."

"Nanga injini yakufayi?"

"Injini ndi yanga. Inu anu ndi matabwa."

A Makwinja analizungulira kawiri akuligogoda ndi chala, kenaka n'kuchotsa pensulo kukhutu. Wowadziwa akaona pensulo yatsika ankadziwa kuti nkhani yatha. Kuyambira tsiku limenelo pa bwalo paja panali mpikisano wa awiri, kalipentala ndi chifuwa cha mwana wake, kuti tione amalize ntchito yake msanga ndani.

M'mawa ankapita ku shedi, poti maliro sankadikira munthu. Dzuwa likapendeka ankabwerera ku boti. Anazula zoola zonse. Pansi pake tinapeza chinthu chachikasu ngati siponji, chodzaza madzi onunkha, tinachitaya mawilibala angapo. Chigoba chenicheni chinali cha fayiba, chonga pulasitiki yolimba, chosaola. Zimene zinatha ntchito ndi nthiti zamatabwa zonyamula pansipo. Anasema nthiti zatsopano za mlombwa, iliyonse yotsata kupindika kwa chigoba, moti ukaiika inkakhala ngati inamera momwemo. Ine ntchito yanga inali kugwirizira ndi kunyoza.

Fanuwelo ankakhala pa mpando wa ndalema atafunda bulangete, n'kumalangiza. Apa ndi pamene panabuka mkangano.

"Ababa, nthiti iliyonse muiboole pansi pake, kampata kolowa zala ziwiri. Madzi akalowa aziyenda mpaka kumbuyo. Ndipo bowo ili kumbuyoku musamalitseke boti likakhala pamtunda, ndi potulukira."

"Madzi alowa bwanji ine nditatseka?"

"Amalowa basi."

"Kwa mzungu wako ankalowa. Kuno kuli kalipentala."

"Ababa, ili si bokosi."

"Iwe ndiwe unandiphunzitsa kugwira sowo? Ndiboole chinthu dala, anthu adzati a Makwinja akalamba?"

Anakangana masiku atatu. Tsiku lachinayi a Makwinja anagonja, kapena tinayesa choncho. Anaboola timipata tonse mwana wawo akuona. Koma sabata yotsatira Fanuwelo anagonekedwa kuchipatala masiku asanu, ndipo bambo ake anatenga guluu ndi utuchi n'kumata timipata tija kamodzikamodzi, mosamala, ngati akupepesa matabwawo. Bowo lakumbuyo analisemera chitsekero cha mtengo n'kuchikhomera ndi hamala. Kenaka anayala pulayiwudi pamwamba, anapaka vanishi katatu, n'kumata kapeti yobiriwira. Ine ndinagwirizira. Ndinaona zonse. Ndikanatha kumuuza Fanuwelo, koma musaiwale kuti ndine wokhoma zidebe, moyo wanga wonse ndakhala ndikutseka mabowo. Ndinaona ngati mkuluyo akulondola.

Fanuwelo atatuluka m'chipatala tinamukweza, n'kuyenda pansi patsopanopo wopanda nsapato, uku ndi uku, akumwetulira.

"Ababa, ngakhale ku fakitale sangafike apa."

A Makwinja anandiyang'ana n'kunditsinzinira diso limodzi.

Mvula inagwa yambiri dzinja limenelo. Boti analifunditsa tenti yakale, koma tenti yakale ndi sefa. Madzi ankalowera m'mphepete mwa mipando ndi pamalo pa injini, pang'onopang'ono, n'kutsikira pansi pa matabwa kumene kunalibe njira. Mu Malichi, mvula itayamba kukata, tinavundukula. Fungo ndilo linayamba kutilonjera. Kapeti inali itatupa, m'ngodya mutamera bowa. Fanuwelo anadzuka pa mpando, anayenda atagwira m'mbali mwa boti mpaka kumbuyo, n'kuona chitsekero chija. Anapempha hamala, koma mphamvu yomenyera analibe, n'kuipereka kwa ine. Nditachizula, madzi akuda anatuluka ngati pa mpopi, anadutsa bwalo lonse mpaka kukalowa kwanga. Amenewo anali a chigawo chakumbuyo chokha. Pakati pa nthiti ndi nthiti panali dziwe lakelake, lotsekedwa mwaluso.

"Ababa," anatero Fanuwelo, mawu ali pansipansi, "miyezi naini imeneyi. Ine ndiitenga kuti ina?"

Zaka zonsezo a Makwinja ndinawadziwa ali ndi yankho pa chilichonse, koma tsiku limenelo anangochotsa pensulo kukhutu n'kuipereka kwa mwana wawo. Amati mawu a akulu amakoma akagonera. Za mawu a ana palibe anatiuza.

Anayambiranso. Pulayiwudi inasendeka ngati khungwa, yonse inapita ku nkhuni. Timipata anatsegula, matabwa atsopano anawapaka mankhwala a fayiba amene Fanuwelo anawatuma kukagula kutauni. Tsopano a Makwinja anasanduka munthu wina, ndipo monga mwa khalidwe lawo anapitirira muyeso: sankakhoma msomali mwana wawo asanavomere. Fanuwelo akagona tsiku lonse, ntchito inkaima. Ine ndinkawauza kuti, akulu, masiku akutha. Iwo ankati nzeru zawozo anaziyesapo kale kamodzi.

Pansi panatha mu Julaye. Panatsala thandala. Matabwa ake anachita kuwatsitsa kudenga la nyumba, matabwa asanu ndi limodzi a mkungudza wa kuphiri la kwawo, amene anawasunga zaka zambiri kuti adzakhale bokosi lawo iwo eni. Amake a Fanuwelo atawaona akutsitsidwa anati ndi malodza. Iwo anati mkungudza suopa madzi, ndipo iwowo sakufa mawa. Atayamba kupala, fungo lake linafika mpaka kumsewu, anthu odutsa n'kumaima.

Thandala la boti silikhala thabwa limodzi. Limakhala timatabwa toyalidwa motsatana, pakati pake pali mipata, kuti funde likamenya kuchokera pansi lizidutsa, lisathyole. Kwa a Makwinja zimenezi zinali ngati kuwauza kuti ayende pamsika opanda buluku. Koma anafunsa modzichepetsa.

"Mpata wake ukhale wotani? Ndipatse muyeso."

Fanuwelo anatulutsa dzanja m'bulangete. "Chala changa ichi. Ndi mmene ndinkayesera lakale lija."

Ndiye ntchito inkayenda chonchi. Bambo amanga kathabwa, mwana aika chala chake cha mkombaphala m'mbali mwake, bambo akankhira kathabwa kena mpaka kakhudze chala, alemba, aboola, amanga. Timatabwa tinayenera kukhala khumi ndi tiwiri. Koma masiku amene Fanuwelo ankatha kutuluka panja anali ochepa, mwina limodzi pa sabata, ndipo chakumapeto tinkachita kumunyamula ndi mpando womwe. Ndinawauza a Makwinja kuti aseme kamtengo kofanana ndi chalacho, kuti mwana akagona ntchito iziyenda. Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

"Anati chala."

Tsiku lina ndikuyang'ana thandala ndili chapatali, ndinaona kuti mipata sikufanana. Ndinayandikira. Woyamba unali wolowa chala changa chapakati. Wachisanu unali wocheperapo. Wachisanu ndi chitatu, ngakhale chala changa chaching'ono chinakana. Munthu amene ankalowa m'bokosi kukasaka kadontho ka kuwala sakanalephera kuona zimenezo. Anaona. Ankangokankhira kathabwa mpaka kakhudze chala, pang'onopang'ono kuti kasamupweteke, n'kumanga.

Fanuwelo anamwalira mu Okutobala, m'mawa dzuwa litatentha kale, timatabwa naini titamangidwa, titatu titatsala. Injini ija anali asanaikhudze n'komwe. Inali pakhonde itafundidwa thumba.

Kalipentala sapanga bokosi la mwana wake, amamupangira ndi anzake. Anabwera anayi, wowatsogolera ali a Sandalamu a ku Mgona, mnzawo wa a Makwinja kuyambira masiku a zitseko. Polowa kuseri anaona matabwa awiri a mkungudza amene anali asanachekedwe, atatsamira pa mango.

"Achimwene," anatero a Sandalamu, "awa akwana chivundikiro. Mwana apite ndi fungo la kwawo."

"Amenewo ali ndi ntchito."

"Ntchito yanji yoposa imeneyi?"

"Ndati ali ndi ntchito. Paini ali ku shedi, katengeni amene mukufuna."

Amake a Fanuwelo anamva ali m'nyumba pakati pa amayi. Anatuluka mpango utagwa, n'kuima pakhonde pamaso pa anthu onse.

"Bambo a Fanuwelo, ana a eni mwawagoneka mu mbawa ndi mlombwa. Wanu yemwe apite mu paini ngati wopanda kwawo? Munamudyera miyezi ndi makani anu, lero mukumumananso thabwa?"

A Makwinja anapita n'kukhala pansi patsogolo pa matabwa aja, msana atatsamira pomwepo ngati mlonda. Palibe anayerekeza kuwasuntha. Ine ndinakakhala pambali pawo, osati poti ndinkagwirizana nawo, koma poti munthu sasiyidwa yekha tsiku lotere. Tsiku lonselo anandiuza chinthu chimodzi chokha, kuti bokosi mwanayo sanawapemphe.

Fanuwelo anapita mu paini. Amake sanalankhulenso ndi amuna awo, chakudya ankangoika patebulo n'kutuluka. Anthu ena anasiya kuwalonjera. Ena, poti pakamwa sipatopa, anati mkuluyo anakhwimira mwana wake ndipo zizimba zili m'botimo. Patangopita miyezi yowerengeka tinayamba kumva kuti mankhwala otalikitsa moyo aja ayamba kupezeka mosavuta, n'kumaona anthu amene tinawalira kale akunenepa, akubwerera kuntchito. A Makwinja nkhani imeneyi ikayamba pa wailesi ankatseka.

Iwo eni, chaka chathachi, anapitanso mu paini. Anagwa ku shedi ali ndi puleni yopalira matabwa m'manja, n'kugona masiku atatu osalankhula. Bokosi anapanga a Sandalamu omwewo, maso atayamba kale kuchita chifunga. Pa ngodya ina ndinaona mpata woti nyerere n'kulowa itasenza katundu. Ndinayang'ana kumbali.

Koma ndibwerere ku thandala. Patatha sabata ziwiri chiikireni Fanuwelo, ndinamva sowo kuseri. Ndinawapeza a Makwinja atacheka timatabwa titatu totsala tija, ataima ndi kamodzi m'manja, osadziwa pokaika. Muyeso unali kumanda.

"A Gwaza, bwerekeni chala."

"Changa n'chopindika, hamala inachimaliza kale. Ikani chanu."

Anaika chawo, chonenepa ngati chigwiriro cha tchizulo, n'kukankha kathabwa ndi dzanja linalo. Ndiye thandala linatha chonchi: mipata isanu ndi itatu yonka nicheperachepera, kenaka itatu yaikulu ngati makomo. Kalipentala aliyense akanachita nalo manyazi. Ndinawafunsa ngati sangamasule n'kulinganiza, poti mkungudza unatsalako. Anati wolikhudza adzadziwa kuti Mlomwe amaluma.

Dzinja lonse bowo lakumbuyo linakhala chitsegukire, ndipo mvula ikamagwa a Makwinja ankatuluka ndi ambulera kukaona madzi akutuluka. Mu Meyi anapempha lole ya mchenga ija. Tikumangirira ngolo, amake a Fanuwelo anatuluka atavala chitenje chatsopano, n'kukwera kutsogolo popanda wowaitana, popanda kulankhula. Injini inatsala pakhonde.

Ku Malingunde damu linali lodzaza. Tinachonderera mlonda, iye n'kuseka, n'kutilozera potsetsereka. A Makwinja anatseka bowo lija, poti pamadzi ndiye limatsekedwa, ndipo tinakankhira ngolo m'madzi ndi dalaivala wa lole. Boti linadzuka lokha, n'kuyandama. Ine anandipatsa chingwe n'kundiuza kuti ndikachitaya adzandivutitsa kutulo moyo wanga wonse. Anavula nsapato, anapinda buluku, n'kulowa m'madzi. Atafika kumbuyo anakwawira pa thandala, n'kukhala, mapazi ali m'madzi.

Kunali kamphepo. Timafunde tinkamenya thandala kuchokera pansi, madzi n'kutumphukira m'mipata muja, n'kuwanyowetsa buluku, n'kubwereranso. Thandala silinagwedezeke. Kenaka anatapa madzi ndi manja awiri n'kuwathira mkati mwa boti, kawiri, katatu, n'kupendeketsa mutu kumvetsera.

"A Gwaza, mukumva? Akuyenda pansipa. Akubwera kumbuyo."

"Ndikumva," ndinatero, ngakhale sindinkamva kanthu.

"Ankanena zoona mwana uja."

Pamenepo ndinamva mawu kumbuyo kwanga, amene a Makwinja anali asanawamve miyezi isanu ndi iwiri.

"Bambo a Fanuwelo, sunthani."

Mayi aja analowa m'madzi ndi chitenje chawo chatsopano chomwecho. Amuna awo anawakoka dzanja mpaka anakhala pambali pawo. Thandalalo mayiwo anali asanaliyandikire chiyambire. Pofuna pogwira, chala chawo chinalowa mumpata woyamba. Anayang'ana pansi. Anachisunthira mu wachiwiri, mu wachitatu, akupita ndithu, mpaka pa wachisanu ndi chitatu pamene chinakana kulowa. Anakhala atachigwiritsa pomwepo.

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndikanayamba ndi mawu ati?"

Kulira kumene analira mayi aja pamadzi paja kunaposa kwa pa maliro. A Makwinja sanawatonthoze, anangoika dzanja lawo pamwamba pa la akazi awo. Ine ndinagwira chingwe mpaka manja anachita dzanzi, ndikuyang'ana tsidya lina, poti ngakhale wokhoma zidebe amadziwa nthawi yosiya phokoso. Boti silinapite patali kuposa chingwe changacho. Dzuwa lisanapendeke tinalikweza pa ngolo n'kubwerera nalo pansi pa mango, ndipo silinakhudzenso madzi a damu.

A Makwinja atamwalira, amake a Fanuwelo anabwerera ku Phalombe kwa ana awo aakazi. Boti analipereka kwa bambo wina wa ku Salima amene ankafuna chigoba chake. Thandala lokha anachita kundiitana kuti ndimasule mabawuti, n'kulikulunga m'chitenje, n'kukwera nalo basi. M'nyumba muja tsopano muli alendi, anthu abwino ndithu, a ku Thyolo, ogwira ntchito ku Kanengo. Za boti sadziwa kanthu.

Ndikasuzumira pa mpanda, malo ake akadaonekabe. Pansi pa mango pali dothi loyera, lalitali, losongoka kutsogolo kolozera kumsewu, lotambalala kumbuyo, pamene udzu sunamere zaka zonsezi. M'mbali muli maenje awiri pamene matayala a ngolo anamira, ndi njerwa zitatu zogwirizira zimene palibe wazichotsa. Nkhuku za alendi zimasamba fumbi pakatipo. Mayi wa m'nyumbamo anandifunsa tsiku lina ngati pamenepo panali manda. Ndinati ayi.

Chaka chino mango abereka kwambiri. Kale akamagwa ankamenya chigoba chija, gu, mpaka ndili kwanga ndinkadziwa kuti lina lapsa. Tsopano amangofikira m'dothi, osamveka. Mvula yayamba, ndipo udzu wayamba kulowerera kuchokera m'mphepete, mbali zonse, pang'onopang'ono. Dzinja likamatha padzakhala patatsekeka.